Malemu Akasiya Mfuti m'Kabati

Mu Disembala 2012, apolisi a mumzinda wa Hartford, m'chigawo cha Connecticut ku America, anaitana anthu kuti abwere ndi mfuti zomwe sakuzifunanso. Dongosolo lake linali losavuta: munthu apereke mfuti, asafunsidwe komwe anaitenga, alandire kakhadi kogulira katundu m'sitolo, mfutiyo ikasungunulidwe. Mwa anthu amene anabwera panali mayi wina atanyamula chimfuti chakale chomwe chinakhala zaka zambirimbiri m'kabati ya bambo ake. Bambowo anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndipo anabwera nacho kuchokera ku Ulaya. Iwo atamwalira, mwana wawo sanaone china koma chitsulo choopsa chofunika kuchotsa m'nyumba.

Apolisi amene analandira mfutiyo anaizindikira. Inali Sturmgewehr 44, ya asilikali a Germany, yomwe akatswiri amaitenga ngati kholo la mfuti zankhondo za gulu la AK-47. Anamuuza mayiyo kuti chomwe amati achisinthanitse ndi kakhadi ka m'sitolo chikhoza kugulidwa madola oposa 20,000, ndipo malo ake ndi kunyumba yosungirako zinthu zakale, osati m'ng'anjo.

Umenewo ndiye mwayi wa nzama. Mabanja ambiri amene amatsalira ndi mfuti za malemu sakumana ndi wapolisi wodziwa mbiri ya nkhondo. Amakumana ndi kabati yachitsulo yokhoma, kiyi wosadziwika komwe ali, zikalata zachikale zosamveka, ndi achibale amene aliyense akuti malemu anamulonjeza yakutiyakuti ali moyo.

Ku Malawi maliro akatha, anthu atameta, achibale amakhala pansi n'kuona za katundu. Jekete ipita kwa mng'ono wa malemu, njinga kwa mphwawo, wailesi itsale ndi ana. Palibe amene amapita kupolisi kukapempha chilolezo chovalira jekete. Mfuti ndiyo imasiyana ndi katundu wina yense wa m'nyumba, chifukwa ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi chitsulo ndi thabwa, zomwe zili ndi mtengo ndipo ndi chuma cha masiye monga galimoto kapena ng'ombe. Mbali yachiwiri ndi chilolezo choisungira, ndipo chimenecho boma limachipereka kwa munthu mmodzi, m'dzina lake, litamufufuza iyeyo. Munthuyo akapita, chilolezo chimapita naye. Mwana akhoza kulembedwa mu wilo kuti mfuti zonse ndi zake, koma tsiku limene waziika m'galimoto kupita nazo kwake alibe pepala la dzina lake, wapalamula.

Dziko lapafupi kumene nkhani imeneyi imachitika tsiku ndi tsiku ndi South Africa, komwe Amalawi ambiri amagwira ntchito, ena mpaka kumanga mabanja. Kumeneko si zachilendo kupeza mlimi kapena mlenje wokalamba ali ndi mfuti zisanu, ndipo alipo anthu amene amasonkhanitsa mfuti monga ena amasonkhanitsira masitampa, mpaka makumi angapo. Lamulo loyendetsa zonsezi ndi Firearms Control Act la mu 2000, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2004, m'malo mwa lamulo lakale la 1969. Pa lamulo latsopanoli chilolezo chimatha: cha mfuti yodzitetezera chimakhala zaka zisanu, cha mfuti yosakira nyama, yamasewero kapena yosonkhanitsa chimakhala zaka khumi. Kupezeka ndi mfuti popanda chilolezo kukhoza kutengera munthu kundende mpaka zaka 15, ndipo ikakhala ya m'gulu loletsedwa, monga zija zimalavula zipolopolo mosalekeza, mpaka zaka 25.

Chimene chimasokoneza anamfedwa ambiri ndi timakhadi tobiriwira ta lamulo lakale lija. Timeneti tinalibe tsiku lothera, ndipo mu Juni 2009 khoti lalikulu ku Pretoria linalamula kuti tipitirire kugwira ntchito mpaka mlandu wokhudza timakhadito udzaweruzidwe. Ndiye mayi wamasiye amatsegula dirowa, n'kupeza kakhadi kopanda tsiku lothera, mtima n'kukhala pansi. Koma chilolezo cha moyo wonse chinali cha moyo wa amuna awo, ndipo moyowo watha.

Ntchito yoyamba si ya maloya. Ndi ya tsiku lomwelo la maliro, pamene nyumba yadzaza anthu, ana akuthamanga m'zipinda, ndipo palibe amene akudziwa amene walowa ndi amene watuluka. Lamulo la ku South Africa limafuna kuti mfuti zikhale m'kabati yachitsulo yovomerezeka, ndipo wotsegula akhale mwini chilolezo yekha. Zotsatira zake n'zakuti bambo womvera lamulo amamwalira mkazi wake asakudziwa komwe kuli kiyi. Kabati yotero, ngati ili yokhoma, ingosiyidwa momwemo; ndiye kuti ikugwira ntchito yake. Choopsa ndi mfuti imene siili m'kabatimo. Munthu amene anagula pistol kuti adziteteze kwa achifwamba kawirikawiri amafuna ikhale pafupi: m'dirowa ya pambali pa bedi, pamwamba pa wadilopu, m'thumba la jasi, m'galimoto. Ndipo mfuti yosungidwa pa chifukwa chimenecho imakhala ndi zipolopolo kale.

Odziwa mfuti ali ndi mwambo umodzi womwe saupyola: mfuti iliyonse amaigwira ngati muli chipolopolo, ngakhale wina atalumbira kuti mulibe. Saloza nayo munthu, ndipo chala sachiyandikiza pokhethemulira. Ngozi zambiri zimachokera pa chinthu chaching'ono chomwe munthu wamba sachidziwa. Amasolola kabokosi ka zipolopolo kamene kamalowa kunsi kwa pistol, n'kuganiza kuti basi mfuti yatsala yopanda kanthu, pomwe chipolopolo chimodzi chatsalira kukhosi. Wachibale amene sanagwirepo mfuti asayambe kuphunzirira pa ya malemu. Atseke chipinda, atenge kiyi, aimbire wogulitsa mfuti wovomerezeka kapena wapolisi woyang'anira za mfuti, yemwe ku South Africa amatchedwa Designated Firearms Officer ndipo amapezeka kumapolisi a m'madera.

Zipolopolo nazo ndi mlandu pazokha, ndipo ambiri amaiwala. Pa mlandu wa Oscar Pistorius mu 2014, womwe dziko lonse linkautsatira chifukwa cha imfa ya Reeva Steenkamp, panali kamlandu kena kamene anthu ochepa amakakumbukira: m'kabati mwake munapezeka zipolopolo za .38 pomwe iye analibe chilolezo cha mfuti ya saizi imeneyo. Anati zinali za bambo ake, ankangowasungira. Woweruza Thokozile Masipa sanamupeze wolakwa pa mbali imeneyo, koma nkhaniyo inakafika m'khoti ndithu. Kabokosi ka zipolopolo kamene kanaiwalika m'galaja ya malemu si kongotola n'kuika m'thumba, komanso si kotaya m'bini kapena kutentha pamoto pamodzi ndi makalata akale.

Kenako pamabwera munthu amene lamulo limamusenzetsa katundu yense: woyendetsa chuma cha masiye. Ku South Africa amasankhidwa ndi ofesi ya Master of the High Court, ndipo chuma chikakhala chosapitirira R250,000 ofesiyo imatha kungopatsa wachibale kalata yomuloleza kuyendetsa zinthu. Gawo 147 la lamulo la Firearms Control Act lija, pamodzi ndi ndondomeko zake, limati munthu ameneyu aonetsetse kuti mfuti zasungidwa mosamala, alembe mndandanda wa mfuti iliyonse ndi zipolopolo zake, mtundu, saizi ndi nambala yodindidwa pachitsulo, ndipo adziwitse kaundula wa mfuti wa apolisi pasanathe masiku 14. Ngati iye alibe kabati yoyenera, mfuti zikhoza kukasungidwa kwa wogulitsa wovomerezeka, yemwe amalipiritsa, kapena kwa wolowa m'malo amene ali kale ndi chilolezo chake, bola pakhale kalata yovomereza ndipo kope lake lisiyidwe kupolisi.

Kusunga sikutanthauza kugwiritsa ntchito. Mwana amene akusunga mfuti ya bambo ake podikira mapepala sangapite nayo kukasaka mbawala Loweruka, ngakhale atati akuwakumbukira.

Pali mfundo ina imene imawawa mabanja ambiri m'thumba. Woyendetsa chuma satseka mabuku a malemu mpaka kaundula atatsimikiza kuti mfuti zonse zapita m'manja oyenera. Mfuti imodzi yadzimbiri, yosakwana ngakhale mtengo wa matayala a galimoto, ikhoza kuchedwetsa kutseka nkhani ya nyumba ndi famu. N'chifukwa chake maloya odziwa ntchito amafunsa za mfuti pa tsiku loyamba lokumana ndi banja, asanafike n'komwe pa nkhani ya kubanki.

Wofuna kutsala ndi mfuti ya kholo lake amayamba ulendo ngati munthu wina aliyense wogula mfuti yatsopano. Magazi samudumphitsa mzere. Akaphunzire kwa aphunzitsi ovomerezeka, alembe mayeso a lamulo ndi a kagwiridwe ka mfuti, apolisi amutenge zidindo za zala, amufufuze ngati anapezekapo wolakwa pa zachiwawa kapena nkhanza za m'banja, kenako apatsidwe chiphaso chosonyeza kuti ndi woyenera. Kupatula pa zifukwa zapadera, ayenera kukhala wa zaka 21 kupita m'tsogolo. Akatero ndiye apemphe chilolezo cha mfuti iliyonse payokha, pa fomu yotchedwa SAPS 271, n'kufotokoza chifukwa chomwe akuifunira. Zonsezi zimatenga miyezi.

Apa m'pamene mulu wa mfuti umasanduka mutu waukulu. Munthu wamba, wodziteteza kapena wosaka mwa apo ndi apo, lamulo limamulola mfuti zosapitirira zinayi. Bambo amene anali ndi mfuti makumi atatu anazipeza kudzera pa gawo 17, la osonkhanitsa, lomwe limafuna kuti munthu akhale membala wa bungwe lovomerezeka la osonkhanitsa, ndipo bungwelo livomereze kuti mfuti iliyonse ikugwirizana ndi zomwe iye amasonkhanitsa. Mabungwewa amaika mamembala m'magulu, ndipo mfuti zankhondo zenizeni amaloleza okhawo amene akwera pamwamba patapita zaka. Mwana amene sanalowepo m'bungwe sangalandire udindo wa bambo ake monga amalandirira dzina. Angasankhe ziwiri kapena zitatu zomwe zili pamtima pake. Zotsalazo zifune eni ena.

Pali mzere wina m'lamulomo umene umakhudza Amalawi mwachindunji. Chiphaso chija chosonyeza kuti munthu ndi woyenera chimaperekedwa kwa nzika ya South Africa kapena kwa amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo. Mmalawi amene ali pa chitupa cha ntchito cha nthawi yochepa, ngakhale atakwatira mwana wa malemu, sangachipeze. Ndipo m'nyumba zambiri za ku Johannesburg ndi Cape Town, amene amasesa galaja ndi kulongedza katundu abwana akamwalira ndi wantchito wa m'dimba kapena wa m'nyumba, nthawi zina wochokera ku Mangochi, Mzimba kapena Nkhata Bay. Adona amasiye, mwa mtima wabwino, amagawa nsapato, majekete, zipangizo za ukalipentala. Mfuti ikalowa m'gulu la mphatso zotere, wopatsidwayo akane ndi manja awiri. Wopereka ndi wolandira onse apalamula, koma amene adzapezeke nayo m'chikwama pa chipata cha Beitbridge kapena cha Mwanza ndi wolandirayo, ndipo sipadzakhala adona oti amuyankhire.

Pa nkhani ya mtengo, mabanja amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Ena amaganiza kuti mfuti iliyonse yakale ndi golide. Lee-Enfield ya .303, yomwe asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland ananyamula mpaka ku Burma pa nkhondo yachiwiri, inapangidwa mamiliyoni ambiri, ndipo ku South Africa alenje ambiri anaidula thabwa ndi kuisintha kuti ipepuke. Yotero mtengo wake ndi wochepa, ngakhale agogo anaikonda chotani. Ena amalakwitsa mbali inayo: amaona mfuti yakuda, yokalikakalika, n'kuigulitsa kwa munthu woyamba amene wabwera kudzapepesa ali ndi ndalama m'thumba. Osonkhanitsa mfuti ali ndi nthabwala yawo yakuti chimene amaopa si imfa, koma kuti akazi awo adzagulitsa mfutizo pa mitengo imene iwo ankanena kunyumba kuti anagulira.

Chitsanzo chabwino ndi Mauser za Mabunu. Nkhondo ya pakati pa Mabunu ndi Angerezi ya 1899 mpaka 1902 isanayambe, maboma a Transvaal ndi Orange Free State anagula ku Germany mfuti za Mauser za saizi ya 7x57. Mabunu ambiri pa nkhondoyo ankasema pathabwa la mfuti zawo dzina lawo, dzina la famu yawo, mwinanso malo amene anamenyako nkhondo, monga Colenso, Magersfontein kapena Spioenkop. Kwa munthu wosadziwa, zosemazo ndi zipsera zongoipitsa thabwa. Kwa wosonkhanitsa, ndizo zimapatsa mfutiyo mtengo, chifukwa zimalola kufufuza kuti mwini wake anali ndani ndipo anathera kuti. Mdzukulu wakhama amene angatenge sandipepala ndi vanishi kuti mfuti ya agogo iwale asanaigulitse, amakhala atafufuta ndi manja ake chinthu chokhacho chimene wogula amafuna.

Choncho akatswiri amati mfuti yakale isapalidwe, isapakidwe utoto, isamasulidwe. Kupukuta fumbi ndi kansalu ka mafuta pang'ono n'kokwanira. Zonse zimene zinali pamodzi ndi mfutiyo zisabalalike: bokosi lake, malisiti, zithunzi za malemu ali nayo, makalata a ku nkhondo. Nambala zodindidwa pa ziwalo zosiyanasiyana zikafanana, ndi umboni wakuti mfutiyo siinasinthidwe, ndipo mtengo umakwera. Mfuti za alenje zopangidwa pamanja ku London ndi makampani ngati Purdey, yomwe inayamba mu 1814, kapena Holland & Holland, zimagulitsidwa pa okishoni mitengo yoposa ya galimoto, ndipo makampaniwa amasunga mabuku osonyeza amene anaitanitsa mfuti iliyonse. Ndi nzeru kufunsa anthu awiri kapena atatu, ndipo woyesa mtengo asakhale yemweyo amene akufuna kugula.

Kuyesa kuombera mfuti yakale n'kuika moyo pachiswe. Zambiri za zaka za m'ma 1800, monga Martini-Henry kapena zifefe za mipope yopota ya Damascus, zinapangidwira onga wakuda, womwe mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi wa masiku ano. Chipolopolo chamakono chikhoza kulowa bwinobwino koma n'kuphulitsa mpope pafupi ndi dzanja. Ndipo asilikali akale sankabwera ndi mfuti zokha. M'masutikesi awo mumapezeka mabomba a m'manja ndi zipolopolo za mizinga zomwe banja lakhala likukhulupirira kuti n'zakufa. Chinthu chotero sachinyamula kupita nacho kupolisi. Amachisiya pomwepo, anthu n'kutalikira, apolisi abwere okha.

Nkhani imavuta kwambiri ikapezeka mfuti yopanda pepala lililonse. Ku America, lamulo la 1934 limalola kuti mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza, ngati inalembedwa m'kaundula wa boma, ipite kwa wolowa m'malo popanda msonkho wa madola 200 womwe ogula amalipira. Koma yomwe siinalembedwe, mpata woilembetsa unatseguka masiku 30 okha mu 1968, ndipo wolowa m'malo sangailembetse lero. Ngakhale ikhale ya mbiri yotani, kukhala nayo ndi mlandu. Ku Britain apolisi amatha kupatsa wamasiye kapena woyendetsa chuma chilolezo cha kanthawi, pansi pa gawo 7 la lamulo la 1968, kuti asunge mfuti za malemu pamene akufuna wogula. Koma chichitikireni zoopsa za ku Dunblane ku Scotland pa 13 Malichi 1996, pomwe ana asukulu 16 ndi mphunzitsi wawo anaphedwa, mfuti zing'onozing'ono za m'manja zinaletsedwa mu 1997, ndipo pistol ya agogo yopezeka kudenga ikhoza kubweretsa chilango chosachepera zaka zisanu kwa amene wasankha kuibisa.

South Africa yakhala ikutsegula nyengo za chikhululukiro, pamene munthu angapereke mfuti yopanda chilolezo osaimbidwa mlandu wokhala nayo: mu 2005, mu 2010, kuyambira Disembala 2019 mpaka Meyi 2020, komanso kuyambira Ogasiti 2020 mpaka Januwale 2021. Chikhululukirocho n'cha kusunga kokha. Mfuti iliyonse yoperekedwa imayesedwa kuti aone ngati inapherapo munthu, ndipo ikapezeka choncho mafunso amayambira pomwepo. Banja limene lapeza mfuti yotere nyengo ya chikhululukiro itatsekedwa lisadikire ina. Kunena msanga, makamaka kudzera kwa loya wa chumacho, kumasonyeza kuti anthu angoipeza. Kuisunga chaka chathunthu kumasonyeza zina.

Mfuti zimene palibe akuzifuna zili ndi njira zake. Zikhoza kugulitsidwa kwa wogulitsa wovomerezeka kapena kwa munthu amene wapeza chilolezo. Zikhoza kuperekedwa ku nyumba zosungira zakale, monga ya mbiri ya nkhondo ya Ditsong ku Johannesburg kapena ya nkhondo ya Mabunu ku Bloemfontein, ngakhale nyumbazi zimasankha. Mfuti ikhozanso kuphedwa: mmisiri wa mfuti wovomerezeka, atalandira chilolezo cha apolisi, amaiwotcherera kuti isadzaombenso, n'kutsala chokongoletsa khoma. Wosonkhanitsa amamva kuwawa akaona zotere, chifukwa mtengo umagwa, koma kwa banja lomwe likungofuna chikumbutso cha agogo popanda mayeso ndi mafomu, njira imeneyi ndi yomveka. Yomaliza ndi kuipereka kupolisi kuti iphwanyidwe.

Njira yomalizayi ili ndi chipsera ku South Africa. Mkulu wina wa apolisi ku Vereeniging, Colonel Christiaan Prinsloo, ankaba mfuti zomwe zinasonkhanitsidwa kuti ziphwanyidwe, n'kumazigulitsa kudzera mwa anthu ena kwa magulu a zigawenga a ku Cape Flats. Zinali mfuti zoposa 2,000, ndipo ofufuza anazilumikiza ndi kuphedwa kwa anthu oposa 1,000, ena mwa iwo ana. Mu 2016 khoti linamulamula kukhala kundende zaka 18. Nkhaniyi ndi imene anthu ena amaitchula akamakana kupereka mfuti za makolo awo. Mantha awo ali ndi maziko, koma mankhwala ake si kubisa mfuti pansi pa matiresi. Ndi kutuluka papolisi ndi chikalata chodinda, chokhala ndi nambala ya mfuti, tsiku ndi dzina la wolandira, n'kuchisunga pamodzi ndi chikalata cha imfa. Mfutiyo ikadzapezeka pamalo a chiwembu patapita zaka, dzina lomaliza m'kaundula lidzakhala la malemu, ndipo pepala limenelo ndilo lidzayankhire banja.

Chifukwa china chochotsera mfuti msanga m'nyumba ya maliro sichilembedwa m'malamulo. Ku America, imfa zoposa theka za chaka ndi chaka zobwera ndi mfuti ndi za anthu odzipha okha. M'nyumba momwe mwangochoka munthu mumakhala wamasiye wosagona tulo, mnyamata amene sakulankhula ndi aliyense, mwinanso abale okangana za munda ndi nyumba, mowa uli pakati. Maganizo oipa amabwera usiku n'kupita m'mawa, ndipo ambiri amene awapyola amakhala bwinobwino pambuyo pake. Mfuti ndi imene siipereka mpata wofika m'mawa. Kuisunga kwa wogulitsa miyezi ingapo, ngakhale kukhale kolipira, kumapatsa banja nthawi yolira popanda chida chotero m'chipinda chachiwiri.

Ku Malawi anthu osonkhanitsa mfuti makumi ndi osowa, koma mfuti za masiye zilipo: chifefe cha mwini esiteti, mfuti ya mlenje wakale wothamangitsa nguluwe m'munda, pistol ya wamalonda. Lamulo la mfuti la dziko lino ndi la 1967, ndipo chilolezo chimachokera kupolisi m'dzina la munthu mmodzi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana, ndipo linapanga kulanda chuma cha masiye kukhala mlandu. Komabe mfuti ndi imodzi mwa zinthu zomwe abale a kuchimuna amathamangira, poti amati ndi katundu wa amuna. Malume amene wanyamula chifefe cha malemu usiku wa maliro, ponena kuti akuchisunga, akhoza kukhala ataphwanya malamulo awiri pa ulendo umodzi. Choyenera n'kukauza apolisi, munthu atatenga chilolezo cha malemu ndi umboni wa imfa, mfutiyo ataisiya kunyumba yokhomera mpaka apolisiwo anene mmene iyendere.

Ndiye pali gogodela, mfuti yothirira onga kukamwa, yomwe m'midzi ina imapachikidwa kudenga kapena kukulungidwa m'chiguduli kuseri kwa nkhokwe. Zina ndi zakale kwambiri, za nthawi ya malonda a minyanga, zina zinasulidwa ndi amisiri a m'mudzi momwemo ndi mapaipi, ndipo ndi zomwe alonda a nkhalango za Majete, Liwonde ndi Nkhotakota akhala akulanda kwa opha nyama mozemba. Zambiri sizinalembedwepo kulikonse. Gogodela ilibe potsegula kumbuyo poti munthu asuzumire, ndipo onga wakuda ukakhala pouma umatha kuyaka patapita zaka makumi ambiri. Agogo akhoza kuti anaithira onga ndi zitsulo madzulo ena, nyama osabwera, n'kuipachika momwemo. Odziwa amailozetsa kutali ndi anthu, n'kulowetsa kamtengo kowongoka mu mpope mpaka kagunde, kuika chizindikiro pamene kalekezera, kenako n'kukayeza kunja kwa mpopewo. Kamtengo kakalephera kufika kumapeto ndi zala ziwiri kapena zitatu, ndiye kuti m'katimo muli katundu.